Kabati ya Ukwati Yomwe Ndinabera Amayi Anga

1

Ndine Firmin Quesnel, mmisiri wosema ndi kukonza mipando yakale m'katauni kena pafupi ndi Coutances, kuno ku Normandy. Anthu amati ndine munthu woona mtima, ndipo pamsika amandivulira chipewa. Amatero chifukwa sandidziwa. Ine ndinanamiza mayi wondibereka, mayi wosaona, ndipo ulemu wa pamsikawo wafika ponditopetsa.

Kwathu kunali kabati ya ukwati. Nyumba zambiri kuno zinali nazo, koma yathu inkaposa zonse, ndipo ndikunena ngati mmisiri, osati ngati mwini. Agogo a agogo athu anagwetsa mtengo wa thundu tsiku lomwe mwana wawo wamkazi anabadwa, matabwa n'kuwasunga zaka makumi awiri kuti aume. Mwanayo atapeza mwamuna, anaitana wosema. Pamwamba anasemapo nkhunda ziwiri zogundanitsa milomo, m'munsi mwake dengu la maluwa, m'zitseko ngala za tirigu ndi mphesa. Lamulo lake linali limodzi: kabati imapita kwa mtsikana woyamba kubadwa mu m'badwo uliwonse, pa tsiku la ukwati wake. Inafika kwa Amayi, kenako kwa mlongo wanga wamkulu Odile, yemwe anakwatiwa n'kumakhalabe m'nyumba ya makolo. Tsopano inkadikira Maud, mwana wa Odile. Ine sindinakwatire. Odile amati ndinakwatira utuchi.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni, Amayi anandiitana. Ndinawapeza pampando wawo, pafupi ndi chumuni cha mwala woyera wa mabo chomwe malemu Bambo anachipulumutsa ku nyumba ina ya mabwana ikugwetsedwa. Maso awo anali atasiya kuona zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, koma mphuno, makutu ndi zala zinkagwira ntchito ya anthu atatu.

"Firmin, wabweranso ndi utuchi wako m'nyumba mwanga. Ndaumva fungo ukadali pageti."

"Ndasasa, Amayi."

"Wasasa chiyani iwe? Tamvera. Maud wapeza mwamuna, ukwati ndi Julaye wa chaka chamawa. Kabati ija miyendo yafumbwa. Uitenge ukaikonze."

Odile anakuwa ali kukhitchini. "Amayi, chaka chimodzi chimukwanira ameneyu? Mpando wanga uja akuukonzabe kuyambira Maud ali kuyamwa!"

"Mpando wanu uja ndi nkhuni, achemwali. Ndikungoumvera chisoni."

Tinaseka tonse. Kenako Amayi anafufuza dzanja langa, n'kuligwira pamkono.

"Bambo ako kulibe. Palibe wina amene ndingamulole kuikhudza. Ndiwe wekha."

Tsiku limenelo ndinalibe maganizo oipa, ndikulumbira. Maganizowo anabwera patatha milungu itatu, ndipo anachita kulowa pakhomo la shopu yanga ndi miyendo iwiri.

2

Kukonza miyendo ya kabati kunanditengera milungu iwiri yokha. Miyezi khumi yotsalayo ndinali pa ntchito ina, yomwe palibe anandituma. Ndinkasema kabati inzake.

Kupanga chinthu chatsopano kuti chioneke cha zaka mazana awiri si masewera, ndipo ndikuvomera mwamanyazi kuti ntchitoyo inkandikoma. Ndinagula mitanda ya thundu ya khola lina lakale lomwe linagwa ndi mphepo. Makina sindinawayandikire. Ndinatulutsa zitsulo za Bambo, zosemera zakale zija zosiya timizere tomwe odziwa amafufuza. Nthenga iliyonse ya nkhunda ndinaiyeza, tsamba lililonse ndinaliwerenga. Mtundu ndinaupeza ndi madzi a makoko a mtedza ndi mwaye wa m'chumuni, pamwamba n'kupakapo phula la njuchi kambirimbiri. Pachitseko, pomwe manja a akazi a mibadwo isanu anaperesa potsegula, ndinaperesapo ndi chikhatho changa mpaka chinatuluka matuza.

Chotsala chinali timabowo ta anankafumbwe. Mitanda ija nditaicheka, mkati munali mwabwinobwino, ndipo thabwa lakale lopanda bowo limakayikitsa. Ndinatenga kachitsulo koboolera kowonda ngati singano, n'kuboola timabowo mazanamazana, paliponse pomwe kabati yeniyeni inali nato.

Odile anabwera kamodzi m'nyengo yozizira, atanyamula msuzi wotentha m'kapoto. Ndinam'tchingira pakhomo.

"Tandipatseni njira, bwana mmisiri, ndione nawo."

"Mankhwala ophera tizilombo ali thoo m'katimu. Akupwetekani chifuwa."

"Nanga iwe chifuwa ulibe? Taona waondera. Kapena wabisamo mkazi?"

"Mkazi wake uti angandifune ine?"

"Ndiye zoona zimenezo," anatero, n'kundipatsa kapoto kaja akuseka.

M'mawa wina wa mwezi wa Meyi, kabati yeniyeni ya Amayi inakwezedwa pa lole itakutidwa ndi mabulangete, n'kulowera njira ya kunyanja. Komwe inapita musandifunse kaye. Ine ndinatsala ndi inzake ija, ndikuiyang'ana, ndipo ndinadziuza kuti ngakhale malemu Bambo akadadzuka sakadasiyanitsa.

3

Kabati yabodza ija tinaipereka kwa Amayi kutatsala milungu itatu kuti ukwati uchitike. Amuna anayi anaisenza n'kuiimika pamalo pake. Maud anandikumbatira.

"Amalume, yakongola ngati yatsopano!"

Ndinangoseka nawo. Amayi anaimirira, Odile n'kuwatsogolera. Anakwera pa kampando, zala zawo n'kuyamba kuyenda pa dengu la maluwa, pa mphesa, mpaka pamwamba. Anakhalitsa pamenepo.

"Nkhunda zanga zanenepa," anatero.

"Ndi phula, Amayi. Ndapaka lambiri."

"Kodi?"

Anatsika pa kampando paja. Ndinapita kwanga nditapepukidwa, chitsiru ine.

Lamlungu lotsatira tinali pa chakudya chamasana tonse, ine, Odile, Maud ndi Amayi. Titatha nkhuku, tchizi chili patebulo, Amayi anapukuta pakamwa n'kunena kuti, "Maud, nditengere pa kabati paja." Atafika anasolola singano yomwe inali yobaya pakolala ya diresi lawo. Anafufuza ndi chala mpaka anapeza kabowo kamodzi m'mbali mwa chitseko.

"Firmin, bambo ako anandiphunzitsa izi iwe usanabadwe. Nankafumbwe sayenda mowongoka. Amalowa pang'ono n'kukhota. Ukalowetsa singano imaima pakhomo pomwe. Si choncho?"

"Ndi choncho, Amayi."

"Ndiye taonani inu muli ndi maso."

Singano inalowa yonse, mpaka pa diso lake. Anaizula, n'kuyesa kabowo kena. Inalowa. Kachitatu, chimodzimodzi.

Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndi msampha woyamba womwe timakolera nawo akuba pa ntchito yathuyi. Koma ndinkati ndani angabaye singano kabati ya m'nyumba mwake, yokonzedwa ndi mwana wake?

"Sabata yonse ndakhala ndikupempha Mulungu kuti zala zanga zikhale kuti zakalamba," anatero Amayi. "Ntchito ndiye waigwira, mwana wanga. Koma kabati ya amayi anga ili kuti?"

Odile anaimirira, mpando n'kugwera kumbuyo.

"Waigulitsa! Waigulitsa kwa anthu a ku Paris aja amazungulira m'midzi muno kugula zinthu zakale! Yankha, wakuba iwe!"

"Amalume," anatero Maud, misozi ili chuchuchu, "ingonenani kuti mwaisunga penapake. Tikaitenga, nkhani n'kutha."

Ndinawerama. Ndinalola kuti anditche wakuba, chifukwa dzina langa lenileni linali loipa kuposa pamenepo.

4

Maud anakana kutenga kabati yabodza, ndipo ndani angamudzudzule? Kuno kabati imatsogolera mkwatibwi pa ngolo, mudzi wonse ukuona. Ukwati wa Maud unayenda wopanda ngolo. Ofunsa ankauzidwa kuti kabati yakalamba, singapirire mabampu a msewu. Odile anabisa manyazi a banja, koma ine anandilavula. M'tchalitchi ndinaima kumbuyo, pafupi ndi chitseko, ndipo kumadyerero sindinapondeko.

Miyezi itatu inatha ndisanaone nkhope ya Amayi. Ndinkadutsa pageti pawo ndikuyenda msanga ngati ndikuthawa galu. Ndinkamva kwa anthu kuti sakudya, kuti mtima wayamba kuwavuta.

Mu Okutobala, nthawi yothyola maapozi, Odile anatulukira pashopu. Sanalowe.

"Dokotala wati masiku atsala ochepa. Akukufuna. Ine sindikukufuna, koma iwo akukufuna."

5

Bedi lawo anali atalitsitsira pabalaza, pafupi ndi chumuni, kuti azimva kutentha. Anali masana, dzuwa likulowa pazenera. Anali atatha, Amayi anga aja ankanyamula mtanda wa thundu ndi Bambo.

"Khala pansi. Sindikufuna kupita ndi funso. Unaigulitsa kwa ndani?"

"Sindinaigulitse."

"Nanga?"

"Amayi, mukumukumbukira Perrine Hamel?"

Dzanja lawo linasiya kusisita bulangete.

Perrine anali mtsikana wokama ng'ombe pafamu yoyandikana nafe, wamasiye, yemwe ankabwera kudzathandiza Amayi kuchapa. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndinamukonda mobisa chilimwe chimodzi, uku maso anga ali pa mwana wa loya wa m'tauni, yemwe pamapeto pake sanandiyang'ane n'komwe. Perrine ataima, anabwera kwa Amayi akulira. Amayi anandiimika patsogolo pa chumuni chomwechi, Perrine ali pakhomo, n'kundifunsa kuti, "Mimbayi ndi yako?" Ndinati ayi. Anafunsanso. Ndinati ayi, ndipo ndinawonjezera kuti pafamu paja pali anyamata ambiri. Perrine anachoka m'mudzi sabata yomweyo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndinadziuza kuti ndinakana chifukwa Amayi anali aukali, kuti akadatithamangitsa tonse awiri.

Ndinawafotokozera za mlendo uja analowa m'shopu mwanga patatha milungu itatu nditatenga kabati. Anali mtsikana wamtali, wa chibwano chogawanika pakati ngati cha Amayi. Anati akukwatiwa mu Meyi, ndipo akufuna kakabati kakang'ono kokhala ndi nkhunda, kakhale kotchipa. Amayi ake, omwe anamwalira chaka chomwecho, ankamuuza kuti m'tauni muno muli amisiri odziwa kusema nkhunda. Nditamufunsa dzina kuti ndilembe, anati Noemie Hamel, wa ku Granville. Cholembera chinagwa m'manja mwanga.

"Anabadwa mu Febuluwale, Amayi. Maud anabadwa mu Juni chaka chomwecho. Mtsikana woyamba wa m'badwo uno ndi Noemie, ndipo kabati yanu ili kwa iye. Ndinamuuza kuti ndamusemera yatsopano yooneka ngati yakale. Sadziwa chomwe ali nacho, sadziwanso kuti ine ndine ndani."

Ndinkayembekeza kuti andikalipira chifukwa cha kabati. Koma misozi inayamba kutsika m'maso osaona aja.

"Kabati ndi yake. Pamenepo sunalakwe. Koma Firmin, ukudziwa chomwe chinali pa shelufu yam'munsi ya kabatiyo tsiku lija ndinakufunsa za mimba ya Perrine? Ndinali nditachotsapo kale nsalu zanga. Ndinali nditaikapo matewera ako akale ndi kajuzi komwe ndinayamba kuluka. Bambo ako anali atasankha kale matabwa a kabedi. Tinkangodikira kuti uvomere ndi pakamwa pako."

"Amayi..."

"Unati ayi, ndipo ndinakukhulupirira, poti mwana wanga sanama. Ndinam'kankhira panja mtsikana uja ndi dzanja ili. Ndinamutchula dzina lomwe sindinatchulepo munthu wina aliyense. Wamasiye, ali ndi mdzukulu wanga m'mimba. Zaka zonsezi ndakhala ndikupita kutchalitchi ndikudziyesa munthu wabwino."

Ndinagwada pambali pa bedi. Ndinalira ngati mwana, koma iwo sanandigwire mutu.

"Usalire pano, ulibe nthawi. Pita ukamutenge. Ndikufuna ndimugwire kumaso, ndimupepese m'malo mwa amayi ake."

6

Noemie ankakhala m'kanyumba kam'mwamba, pafupi ndi doko. Ananditsegulira akumwetulira, manja ali ndi ufa.

"A Quesnel! Lowani, lowani. Mwabwera kudzazonda nkhunda zanu? Anzanga onse amakana kuti ndi yatsopano. Wina mpaka anati ndinaba m'tchalitchi!"

Kabati inali kuchipinda, nkhunda zitatsala pang'ono kugunda denga. Ankaipukuta bwino. Ndinakana khofi, ndinakana mpando. Ndinaima pakati pa chipinda chipewa chili m'manja, n'kunena zonse, kuyambira pa chilimwe chija mpaka pa singano.

Sanakuwe. Anapukuta manja pa epuloni, n'kutsegula kabati, n'kuyamba kutulutsa zovala. Ankazisanja pabedi chimodzichimodzi, malaya a mwamuna wake, nsalu zofunda, diresi la ukwati.

"Amayi anga anatumbula nsomba padoko apa zaka makumi awiri ndi zisanu," anatero osandiyang'ana. "M'nyengo yozizira manja awo ankang'aluka mpaka kutuluka magazi. Ankandiuza kuti bambo anga anamira m'nyanja ndisanabadwe. Chaka chilichonse ndinkapita kumapeto kwa doko kukaponya maluwa m'madzi. Ndinkawapempherera. Inu muli pa mtunda wa ola limodzi, mukusema mbalame."

"Mwana wanga, ndikudziwa kuti iwe..."

"Musanditchule iwe. Sitidziwana."

"Pepani. Sindikudzipemphera ine. Agogo anu akumwalira. Akufuna akugwireni kumaso kamodzi kokha."

"Omwe aja anathamangitsa amayi anga?"

"Ndinawanamiza ndine. Iwo sankadziwa."

"Amayi anga anali pomwepo, akulira, akunena zoona. Anali ndi makutu, akadawamvera." Anatseka chitseko cha kabati mofatsa. "Munandipatsa chinthuchi kuti mtima wanu ugone, ndipo munandinamizanso pondipatsapo. Mutumize lole idzatenge. Ngati ofuna kupepesa alipo, manda a amayi anga ali kuseri kwa tchalitchi cha pamtunda, mzere wachitatu. Ine sindibwera."

Ndinabwerera ndekha. M'njira yonse ndinkakonza bodza lina, loti Noemie watanganidwa, abwera sabata yamawa. Koma nditafika pabedi paja linandikanika.

"Wakana, Amayi."

"Wachita bwino," anatero. "Inenso ndikadakana." Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Koma mwina aganiza."

Anakhala masiku asanu ndi anayi. Anauza Odile kuti asamakhome geti. Anapempha kuti aziwapesa tsitsi m'mawa uliwonse, aziwaveka diresi labwino lija. Chitseko chikangolira, ankadzutsa mutu n'kutambasula dzanja.

"Wabwera?"

"Ndine, Amayi."

Dzanja lija linkabwerera pabulangete. Tsiku lachisanu ndi chinayi anafunsa katatu m'mawa, ndipo pofika masana anali atapita.

7

Kabati yeniyeni inabwera pa lole patatha sabata chiikireni maliro. Ndinalembera Maud kuti adzaitenge, iye anayankha mzere umodzi wokha, woti si yake. Odile amandipatsa moni pa Khirisimasi basi. Noemie ndimamulembera chaka chilichonse, ndipo makalata anga sabwerera, sayankhidwanso.

Inu owerenga, ena mwa inu munena kuti ndinayesetsa kukonza cholakwa changa. Musandichitire chifundo chimenecho. Ndinapereka matabwa chifukwa matabwa sakanandifunsa mafunso. Miyezi khumi ndinapirira matuza m'manja kuti ndithawe mawu ochepa omwe ndikadanena tsiku lomwe mtsikana uja analowa m'shopu mwanga. Nthawi imeneyo Amayi anali ndi mphamvu, akadakwera basi okha kupita ku Granville, ndipo ndimawadziwa, akadagogoda pakhomo paja tsiku ndi tsiku mpaka kutsegulidwa.

Ngati pali munthu amene munamukana, pitani lero, chimanjamanja, mukalankhule ndi pakamwa panu. Ndipo kumbukirani kuti pokana paja simunali nokha. Pali ena amene anakukhulupirirani n'kuchita nkhanza chifukwa cha mawu anu, ndipo nawonso ali ndi ufulu wodziwa akadali ndi nthawi. Amayi anga anamwalira atapesa tsitsi, akudikira kupepesa, ndipo amene anawachedwetsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndine.